Kodi magazini a madotolo amakondera pa nkhani ya mdulidwe wa makanda?

M'caka ca 2013, magazini ya madotolo a ana ya ku America, dzina lake Pediatrics, inasindikiza nkhani ziwiri zotsutsana. Yoyamba inalembedwa ndi madotolo 38, ambiri mwa iwo a ku Ulaya. Iwo anati madotolo a ku America amakondera pa nkhani ya mdulidwe wa makanda, cifukwa kwawoko anauzolowera. Yaciwiri inali yankho la a ku America. Iwo anati ayi, okondera ndi inuyo, cifukwa kwanu ku Ulaya amuna ambiri ndi osadulidwa. Magulu onse awiri anali a anthu ophunzira kwambiri. Onse anawerenga kafukufuku yemweyo. Nanga zinatheka bwanji kuti aone zosiyana?

Moto wa mkanganowu uli ku America ndi ku Ulaya, koma utsi wake umafika kuno. Zolembedwa m'magazini amenewa ndi zimene madotolo ndi anamwino athu amaphunzira. Ndi zomwezo zimene timamva pa wailesi zitayamba ndi mawu akuti akatswiri apeza zakutizakuti. Ndiye ndi bwino kudziwa mmene mawuwo amaphikidwira asanafike m'mbale yathu.

Tiyambe tamvana mawu. Mdulidwe ndi kucotsa khungu la kunsonga kwa cida ca mwamuna. Khanda ndi mwana wongobadwa kumene, wa masiku kapena masabata ocepa. Ayuda amadula mwana wamwamuna pa tsiku la 8 atabadwa. Asilamu nawo amadula ana aamuna, ngakhale msinkhu wake umasiyana malo ndi malo. Awa amatero cifukwa ca cipembedzo, ndipo amanena poyera. Mkangano wa madotolo uli pa funso lina: kodi khanda labwinobwino, losadwala kalikonse, lidulidwe pofuna kuliteteza ku matenda a m'tsogolo?

Magazini ya madotolo ndi mkonzi wake

Magazini ya madotolo si nyuzipepala yogula pamsika. Ndi buku lotuluka sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, mmene ofufuza amalembamo zimene apeza. Ena mwa magazini ochuka ndi The Lancet ya ku London, imene inayamba mu 1823, British Medical Journal, JAMA ya ku America, ndi Pediatrics ija. Dotolo akafuna kudziwa ngati mankhwala ena amagwiradi nchito, amayang'ana mmenemo.

Wofufuza akamaliza nchito yake amalemba lipoti n'kutumiza kwa mkonzi. Mkonzi ndi munthu amene amasankha zolowa ndi zosalowa m'magazini. Akaona kuti lipotilo ndi lomveka, amalitumiza kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti aliunike. Kawirikawiri wolembayo sauzidwa mayina awo. Iwo amaloza zolakwika, amafunsa mafunso, kenako amalangiza mkonzi kuti alandire kapena akane. Njira imeneyi ndi yabwino, pajatu mutu umodzi susenza denga.

Koma taonani mphamvu zimene zili m'manja mwa mkonzi. Ndi iye amene amasankha anthu ounikawo. Ndi iye amene amavomereza mutu wa nkhani. Amasankha lipoti loti lipite kwa atolankhani, amaitana munthu woti alembepo ndemanga, ndipo makalata otsutsa akabwera, amasankha oti asindikizidwe. Pa zonsezi safunika kunama ngakhale kamodzi. Kukondera kumene tikunena pano si bodza ayi. Kuli ngati sikelo ya wogula cimanga imene inapendekeka pang'ono. Mwini wakeyo mwina sadziwa n'komwe. Amakoleka thumba, amawerenga makilo moona mtima, koma tsiku ndi tsiku sikeloyo imagwera mbali imodzi yomweyo.

Mmene madotolo anayambira kudula makanda

Zaka 200 zapitazo madotolo a ku Britain ndi ku America sankadula ana athanzi. Zinasintha m'zaka za m'ma 1800, ndipo magazini a madotolo ndiwo anakolezera kusinthako.

Mu 1855 dotolo wa ku London, Jonathan Hutchinson, anawerengera odwala amene ankabwera kucipatala kumene ankagwira nchito. Anaona kuti pakati pa Ayuda cindoko cinali cocepa poyerekeza ndi anthu ena, ndipo anati cifukwa cake ndi mdulidwe. Vuto linali lakuti Ayudawo ankasiyana ndi anansi awo pa zinthu zambiri za kakhalidwe, ndipo kuwerengera kwakeko sikukanatha kuonetsa kuti mwa zonsezo cimene cikuwateteza ndi citi. Mu 1870 dotolo wa mafupa wa ku New York, Lewis Sayre, anaitanidwa kukaona mnyamata wa zaka 5 amene miyendo yake inali yopindika moti sankatha kuyenda. Sayre anamudula, n'kulemba kuti mwanayo wayamba kuyenda. Popeza anali dotolo wolemekezeka, anzake anamukhulupirira. Posapita nthawi magazini anadzaza ndi nkhani zoti mdulidwe umaciza khunyu, misala, kukodza pogona, ndi cizolowezi ca ana coseweretsa malisece, cimene madotolo a nthawi imeneyo ankaciopa ngati matenda oopsa. Lero madotolo anazitaya zonsezi, koma mwambo unali utamera kale mizu. Mu 1914 magazini ya JAMA inasindikiza nkhani ya Abraham Wolbarst yolimbikitsa kuti mwana wamwamuna aliyense azidulidwa cifukwa ca ukhondo.

Dziwani kuti zimenezi zinafala m'maiko olankhula Cingerezi: Britain, America, Canada, Australia ndi New Zealand. Ku Portugal, France, Germany ndi Denmark madotolo sanatengere. Matenda anali omwewo, ana anali ofanana. Cosiyana cinali zimene madotolo ankawerenga ndi kuzolowera.

Mu Disembala 1949, British Medical Journal inasindikiza nkhani ya dotolo wa ana wa ku Cambridge, Douglas Gairdner. Masiku amenewo madotolo ambiri ankati khanda limene khungu lake silibwerera m'mbuyo lili ndi vuto, lidulidwe basi. Gairdner anapima ana n'kupeza kuti umo ndi mmene ana amabadwira. Pa makanda 100, anayi okha ndi amene khungu lawo limabwerera lonse m'mbuyo pobadwa. Limamasuka lokha mwana akamakula. Anapezanso m'mabuku a boma kuti kuyambira 1942 mpaka 1947, ana pafupifupi 16 ankamwalira caka ciliconse ku England ndi Wales cifukwa ca mdulidwe, ena cifukwa ca mankhwala ogonetsa, ena cifukwa ca kutaya magazi kapena cilonda kulowa tizilombo. Nkhaniyi inatuluka pa nthawi yake, cifukwa mu 1948 boma la Britain linali litayamba kulipirira cithandizo ca cipatala ca anthu onse, ndipo kudula ana osadwala kunayamba kuoneka ngati kutaya ndalama. M'zaka zocepa mdulidwe wa makanda unatsika kwambiri ku Britain.

Ku America, kumene makampani a inshuwalansi ankalipira, unapitirira. Mu 1979, pa makanda aamuna 100 obadwira m'cipatala, pafupifupi 65 ankadulidwa asanatuluke. Mu 2010 anali 58. Coteretu dotolo wa ku America amene akulemba kapena kuunika lipoti, kawirikawiri iye mwini anadulidwa ali khanda, kapena bambo ake, mwamuna wake ndi ana ake ndi odulidwa. Mnzake wa ku Denmark anakula akuona zosiyana. Aliyense wa iwo cimene anakula akuciona ndi cimene amacitenga kuti ndiye cabwinobwino, ndipo cinaco ndiye cofunika kuperekera zifukwa.

Cikalata ca 2012

Mwini wa magazini ya Pediatrics ndi bungwe la madotolo a ana la ku America, American Academy of Pediatrics. Bungweli lakhala likusintha mawu ake. Mu 1971 linati palibe cifukwa ca cipatala codulira khanda. Mu 1999 linati phindu lilipo, koma si lokwanira kuti khanda lililonse lizidulidwa. Mu 2012 linapita patsogolo pang'ono: linati phindu limaposa zoopsa zake. Silinafike ponena kuti makanda onse adulidwe, koma linati makolo asankhe okha, ndipo amene asankha mdulidwe inshuwalansi iwalipirire.

Cikalatacho cinatuluka nkhani itafika pamoto. Mu 2010 bungwe la madotolo la ku Netherlands linali litanena kuti kudula mwana wosadwala ndi kumuphwanyira ufulu pa thupi lake, ndipo linapempha madotolo kuti azilangiza makolo kuti asatero. Mu 2011 anthu ena mumzinda wa San Francisco anayesa kuti pacitike voti yoletsa mdulidwe wa ana, koma khoti linaimitsa. Mu 2012 khoti la mumzinda wa Cologne ku Germany linagamula kuti kudula mnyamata wa zaka 4 wa banja la Cisilamu kunali kumuvulaza. Ayuda ndi Asilamu anadandaula kwambiri, mpaka kumapeto kwa caka comweco nyumba ya malamulo ya Germany inapanga lamulo lolola mdulidwe wa ana.

Apa mpamene madotolo 38 aja, motsogozedwa ndi Morten Frisch wa ku Denmark, analemba nkhani yawo. Mfundo yawo inali yosavuta kumva. Anati pa matenda onse amene mdulidwe akuti umacepetsa, amene angagwire khanda ndi amodzi okha, matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo amenewa amacira ndi mankhwala. Enawo, monga HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, amadza munthu atakula. Ndiye bwanji osadikira kuti mwini thupi adzasankhe yekha? A ku America poyankha anati kwawo kuli amuna odulidwa ndi osadulidwa osakanikirana, cotero iwo ndi amene angaone mbali zonse, pamene ku Ulaya madotolo amangodziwa mbali imodzi.

Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu. Mmene ine ndikuonera, gulu lililonse linanena zoona za linzake, koma linalephera kudziyang'ana lokha. Tiwayamikire akonzi a Pediatrics kuti anasindikiza nkhani yodzudzula bungwe lawo lomwe, si onse amene angatero. Komabe kumbukirani kuti cikalata, cidzudzulo ndi yankho, zonse zinatuluka m'magazini ya mwini mlandu.

Mu 2016 mmodzi wa olemba cikalata cija, dotolo Andrew Freedman, analemba ndemanga m'magazini yomweyo. Anavomereza kuti makolo ambiri sasankha mdulidwe powerenga manambala a matenda, koma cifukwa ca cipembedzo, cikhalidwe, kapena kufuna kuti mwana afanane ndi bambo ake. Ananenanso kuti pamene ankalemba cikalatacho, nkhawa yoteteza ufulu wa makolo wosankha inalipo, popeza ena ankafuna kuti mdulidwe uletsedwe. Mawu amenewa ndi acilungamo, ndipo akutiuza kuti m'cikalata ca madotolo munalowanso zina zimene si za cipatala.

Nambala imodzi, kanenedwe kawiri

Gawo ili muwerenge pang'onopang'ono, cifukwa ndi pamene kukondera kumabisala kwambiri.

M'zaka za m'ma 1980, dotolo Thomas Wiswell anafufuza m'mabuku a zipatala za asilikali a ku America. Anapeza kuti makanda osadulidwa amadwala matenda a m'njira ya mkodzo pafupifupi kakhumi kuposa odulidwa. Kakhumi! Mayi aliyense akamva zimenezi mtima umagunda. Mu 2005 madotolo a ku Sydney, ku Australia, anasonkhanitsa kafukufuku wa mtundu umenewu n'kulemba m'magazini ya Archives of Disease in Childhood. Anavomereza kuti mdulidwe umacepetsadi matendawa. Koma anawonjezera kuti pa ana aamuna athanzi 100, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amadwala. Cotero kuti mwana mmodzi apewe matendawa, pafunika kudula ana 111. Ana 110 otsalawo adulidwa koma sakanadwala n'komwe.

Mawu onse awiriwa ndi oona. Wina akalemba pamutu wa nkhani kuti mdulidwe umacepetsa matenda kakhumi, sananame. Wina akalemba kuti pamafunika kudula ana 111 kuti mmodzi apindule, nayenso sananame. Koma owerenga mitu iwiriyi adzapita kunyumba ndi maganizo osiyana. Amene amasankha mawu oti akhale pamwamba ndi wolemba pamodzi ndi mkonzi. Lipoti lomwelo linanenanso kuti kwa mwana amene matendawa amamubwerezabwereza, nkhani imasintha: pa ana 11 otere odulidwa, mmodzi amapindula. Apa madotolo a mbali zonse sakangana kwenikweni, cifukwa mwanayo ndi wodwala.

Palinso funso la zimene timaika pa sikelo. Mbali ya zoopsa, madotolo a ku America anawerengera kutaya magazi, cilonda kulowa tizilombo, ndi kudula molakwika. Zimenezi sizicitikacitika ngati wodulayo ndi wodziwa nchito ndipo zipangizo zili zoyera. A ku Ulaya amati mwaiwala cinthu cacikulu: khungu lacotsedwalo ndi ciwalo ca thupi, silimeranso, ndipo mwini wake sanafunsidwe. Kodi zimenezi zimalemera makilo angati? Palibe kafukufuku amene angayankhe, cifukwa si funso la manambala. Ukaziika pa sikelo, imagwera uku. Ukazisiya pansi, imagwera uko. N'cifukwa cake muyenera kucenjera ndi manambala ooneka omaliza nkhani. Mu 2014 magazini ya Mayo Clinic Proceedings inasindikiza nkhani ya Brian Morris wa ku Sydney ndi anzake, yonena kuti phindu la mdulidwe limaposa zoopsa zake ka 100. Morris ndi wodziwika polimbikitsa mdulidwe kwa zaka zambiri. Caka cotsatira bungwe la madotolo a ana la ku Canada linaunika umboni n'kunena kuti phindu ndi zoopsa zili pafupi kufanana, ndipo silinalangize kuti khanda lililonse lizidulidwa.

Tisaiwale kuti magazini omwewa ndi amenenso amakonza zolakwa. Kwa zaka zambiri makanda ankadulidwa popanda mankhwala ocititsa dzanzi, poganiza kuti khanda silimva ululu kwenikweni. Mu 1997 JAMA inasindikiza kafukufuku wa ku Canada amene anaimitsidwa asanathe, cifukwa makanda odulidwa popanda mankhwalawo ankazunzika kwambiri. Caka comweco The Lancet inasindikiza kafukufuku wina wosonyeza kuti makanda odulidwa popanda mankhwala ankalira kwambiri kuposa anzawo osadulidwa polandira katemera patapita miyezi. Kuyambira 1999 bungwe la ku America lija limanena kuti khanda lililonse lodulidwa lizipatsidwa mankhwala oletsa ululu.

Kafukufuku wa mu Africa

Umboni wamphamvu kwambiri pa nkhani ya mdulidwe unacokera mu Africa muno. Ku Orange Farm, pafupi ndi Johannesburg, ofufuza anatenga amuna 3,274 a zaka 18 mpaka 24. Ku Kisumu, ku Kenya, anatenga amuna 2,784 a msinkhu womwewo. Ku Rakai, ku Uganda, anatenga amuna 4,996 a zaka 15 mpaka 49. Amunawa anavomera okha. Anawagawa m'magulu awiri mwa maere: ena anadulidwa nthawi yomweyo, ena anauzidwa kudikira. Kugawa mwa maere ndi kofunika, cifukwa kumacititsa kuti magulu awiriwo afanane pa zina zonse kupatula mdulidwe. Ndi cimene Hutchinson analibe mu 1855. Malo onse atatu anapeza zofanana: pakati pa odulidwa, otenga kacilombo ka HIV anali ocepa ndi theka kapena kuposerapo. Mu 2007 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza kuti mdulidwe wa kucipatala uziperekedwa kwa amuna m'maiko amene HIV ndi yofala koma odulidwa ndi ocepa.

Ngakhale apa dzanja la mkonzi linaoneka. Nyuzipepala za nthawi imeneyo zinalemba kuti lipoti la ku Orange Farm linayamba lapita ku The Lancet, ndipo linakanidwa. Nkhawa sinali pa manambala ake, koma pa mmene ofufuza anacitira ndi amuna opezeka ndi kacilombo, amene sankauzidwa zotsatira za magazi otengedwa pa kafukufukuyo. Magazini ina, PLoS Medicine, inalisindikiza mu 2005, n'kulembanso ndemanga yofotokoza nkhawazo ndi cifukwa cimene inavomerera. Mkonzi wina anakana, wina analandira, lipoti lake lomwelo. Malipoti a ku Kenya ndi Uganda anatuluka mu The Lancet mu 2007.

Tsopano funsani: kodi kafukufuku ameneyu anali wa ndani? Anali wa amuna akuluakulu, ogonana ndi akazi, okhala kumene HIV ndi yofala. Panalibe khanda ngakhale limodzi. Koma cikalata ca ku America ca 2012 cinatsamira kwambiri pa iye pokamba za makanda a ku America, kumene HIV ndi yocepa poyerekeza ndi kuno, ndipo ambiri amene amaitenga ndi amuna ogonana ndi amuna anzawo. Kwa amuna amenewa kafukufuku wa mu Africa sananenepo kanthu. Olimbikitsa mdulidwe wa makanda ali ndi yankho lawo. Amati kudula khanda n'kosavuta, cilonda cimapola msanga, mavuto amakhala ocepa kuposa kwa wamkulu, ndipo mwana amadzayamba zogonana ali wodulidwa kale. Ndi mfundo zomveka. Koma pakati pa mwamuna wa ku Kisumu ndi khanda la ku Chicago pali mtsinje woti awoloke, ndipo nkhani zambiri zimawoloka mwakacetecete, osauza wowerenga kuti apa tawoloka.

Otsutsa nawo ali ndi sikelo yawo

Musaganize kuti kukondera kuli mbali imodzi yokha. Mu 2015 Morten Frisch uja ndi mnzake analemba m'magazini ya Journal of the Royal Society of Medicine za anyamata oposa 340,000 a ku Denmark. Anati odulidwa ankapezeka kawirikawiri ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limacititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kuceza ndi anthu. Nyuzipepala zambiri zinaithamangira nkhaniyi. Koma ku Denmark anyamata odulidwa ndi ocepa, ndipo ambiri ndi a mabanja a Cisilamu ocokera kunja, amene amasiyana ndi anzawo pa zinthu zambiri. Kafukufuku wotere angaonetse kuti zinthu ziwiri zapezeka pamodzi, koma sangatsimikize kuti cina ndico cabala cinzake. Ndi msampha womwe uja wa Hutchinson, kungoti wayang'ana kwina.

Palinso otsutsa mdulidwe wa makanda amene, pofuna kupambana mkangano wa kwawo, amanyoza kafukufuku wa mu Africa ngati wopanda pake. Izi ine zimandidandaulitsa. Kafukufuku mutatu, m'maiko atatu, wocitidwa ndi magulu atatu osiyana, anapeza zofanana. Munthu angakane kudula khanda lake, n'kuvomerezabe kuti mdulidwe umathandiza mwamuna wamkulu wa ku Rakai. Mfundo ziwirizi sizilimbana.

Magazini akuluakulu ali ndi njira yoyesera kugwira kukondera. Wolemba aliyense amadzaza fomu yonena ngati analandira ndalama kwa kampani kapena bungwe lina lokhudzidwa ndi nkhaniyo. Fomuyo imathandiza pa nkhani za mankhwala ogulitsa. Koma mulibe funso lofunsa mwacindunji kuti kodi inu ndinu odulidwa, kodi mwana wanu munamudula, kodi kwanu amati ciyani za munthu wosadulidwa kapena wodulidwa. Pa nkhani iyi zimenezo ndi zimene zimakoka mtima kuposa ndalama.

Ndiye mukamva kuti akatswiri apeza zakutizakuti pa mdulidwe, yambani mwafunsa kuti anapeza mwa ndani, makanda kapena akuluakulu, ndipo kudziko liti. Mukamva kuti matenda acepa ndi theka kapena kakhumi, funsani kuti pa anthu 100 amadwala ndi angati. Ndipo muzisiyanitsa pamene wolemba akuwerenga manambala ndi pamene wayamba kunena zoyenera kucita, cifukwa pamalo aciwiriwo ndi pamene cikhalidwe ca kwawo cimalowera.

Nanga kwathu kuno?

Ifenso tili ndi zimene tinazolowera. Pakati pa Ayao ku Niassa kuli jando, kumene anyamata amadulidwa atakula ndithu, osati ali makanda. Pakati pa Acewa ndi Angoni a ku Tete mdulidwe sunali mwambo wa makolo. Cotero munthu wa ku Lichinga ndi munthu wa ku Angónia akamva nkhani imeneyi, aliyense amayambira pake, cimodzimodzi dotolo wa ku America ndi wa ku Denmark.

Mozambique ndi limodzi mwa maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa amene anasankhidwa kuti mdulidwe wa kucipatala ufalitsidwe pofuna kucepetsa HIV. Umenewu ndi wa acinyamata ndi abambo amene avomera okha, ndipo ndi pamene umboni uli wolimba. Mkangano wa makanda wa ku America ndi ku Ulaya usakulepheretseni kupita ngati mwasankha kutero. Kungoti citetezo cake si cathunthu: kondomu ndi kuyezetsa magazi n'zofunikabe, ndipo muyenera kudikira masabata 6 kuti cilonda cipole musanagonane. Amayi adziwenso izi: kafukufuku wina wa ku Rakai, wotuluka mu The Lancet mu 2009, anapeza kuti kudula mwamuna amene ali kale ndi kacilombo sikunateteze mkazi wake.

Pa msinkhu woyenera, malangizo anasinthapo. Kwa zaka zingapo maiko ambiri ankadula anyamata kuyambira zaka 10. Kenako malipoti a m'zipatala anaonetsa kuti kuvulala kwa nsonga ndi njira ya mkodzo, ngakhale kunali kosowa, kunkacitika kwambiri mwa anyamata a zaka 10 mpaka 14, amene ziwalo zawo zinali zisanakhwime. Mu 2020 WHO inatulutsa malangizo atsopano, onena kuti mdulidwe wopewera HIV uziperekedwa kwa amuna a zaka 15 kupita m'tsogolo.